Mpanshya: Dziko la Asoli Pakati pa Mtsinje ndi Msewu

Basi yochokera ku Lusaka kupita ku Chipata ikadutsa Chongwe, Chinyunyu ndi Rufunsa, anthu ambiri m'katimo amakhala atayamba kusinza. Ena maso amakhala ali pa wotchi, kuwerengera nthawi yotsala kuti akatsike pa mlatho wa Luangwa n'kugula nsomba. Mphambano yolowera ku Mpanshya, pafupifupi makilomita 200 kuchokera mu likulu, imangodutsa pawindo osaonedwa. Kwa wapaulendo kuno n'kumapiri basi, malo ongopirira mpaka ukafike kumene ukupita.

Eni dzikoli ndi Asoli, ndipo nkhani ali nayo. Great East Road, msewu umene lero zonse za m'derali zimadalira, ndi wadzulodzulo. Usanalambulidwe, kwa zaka pafupifupi 200, nsalu, mikanda, mfuti, nkhondo ngakhalenso ansembe zinkafika kuno kuchokera kummwera chakum'mawa, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Mpanshya linali dziko loyang'ana kumtsinje. Kenaka linatembenuka, kufulatira madzi n'kuyang'ana Lusaka, ndipo potembenukapo pali zimene linataya ndi zimene linakana kutaya.

Mchewa akamva Chisoli koyamba amatola mawu apa ndi apo, koma nkhani yonse imamudutsa. Chisoli ndi chibale wa Chilenje, Chiila, Chisala ndi Chitonga cha kummwera kwa Zambia, osati cha ku Nkhata Bay. Wansembe wa Chijezuiti Jules Torrend, amene anatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, ndiye anatchukitsa dzina loti Bantu Botatwe la mitundu imeneyi, ndipo mu 1931 anatulutsa dikishonale ya zilankhulo zawo. Akatswiri a mbiri amaika anthu a gululi pakati pa mitundu yakale kwambiri mu Zambia, imene Angoni ndi Akololo anaipeza itazika kale mizu. Nthaka ya Lusaka imachitira umboni kuti chigawo chino anthu anachipeza kalekale: pa Kapwirimbwe ndi pa Chakeluka ofukula zakale anapeza mapale a mbiya ndi zotsalira za ntchito yosungunula chitsulo za anthu amene ankakhalapo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Asoli nawo anadziwika ndi ng'anjo ndi chipala. Khasu ndi nkhwangwa zinali chuma chosinthanitsa ndi katundu wina, nthawi imene ndalama kunalibe.

Ufumu wawo sunali wa munthu mmodzi wolamula zonse, monga wa Mpezeni kwa Angoni. Lero pali mipando inayi. Waukulu ndi wa Nkomeshya ku Chongwe, ndipo itatu yotsalayo, wa Bunda Bunda cha ku Chinyunyu, wa Shikabeta cha kumtsinje wa Lunsemfwa ndi wa Mpanshya, ili m'boma la Rufunsa. Pa nkhani ya chibale ndi pamene Mchewa amadzimva kuti wafika kwao. Mwana ndi wa kwa amake, mtsibweni ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo mpando wa ufumu umayenda m'mbumba. Mkazi kukhala mfumu si chachilendo. Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene dzina lawo ndi Elizabeth Mulenje, akhala pampando kuyambira 1971, kudutsa maboma onse kuyambira la Kenneth Kaunda, ndipo mpando wa Shikabeta nawonso umadziwika ndi mfumu yaikazi.

Pali chinthu chimodzi chimene chinasiyanitsa Asoli a kum'mawa kuno ndi abale awo Atonga ndi Aila: kashembe. Kumene Mtonga amayeza ulemu wa munthu powerenga ng'ombe za m'khola, ku Mpanshya ntchentche imeneyi sinalole ng'ombe kuswana bwino. Anthu anadalira mbuzi, nkhuku, nyama za m'tchire, uchi ndi mapira. Mpaka lero Rufunsa ndi limodzi mwa maboma ochepa mu Zambia kumene matenda a kaodzera amapezekabe, ndipo akuluakulu amene anayenda pa msewuwu zaka zapitazo amakumbukira zipata pamene galimoto inkaimitsidwa, munthu n'kuizungulira ndi kaukonde kufunafuna kashembe wobisala.

Mapira ndiwo anaumba chaka cha Msoli. Mbewu imeneyi imapirira dzuwa, koma ili ndi adani ambiri. Ngala zikayamba kukhwima, mbalame zimafika m'mamawa ndi madzulo, anyani masana, nguluwe usiku, ndipo chaka china njovu imatha munda wonse kusanache. Minda inkakhala kutali, kumene kunali nthaka yachonde, choncho banja silikanatha kugona kumudzi n'kumayembekeza kukolola. Linkasamuka. Bambo ankamanga msasa m'mphepete mwa munda ndi nsanja pakati pake, mayi n'kutenga miphika, mtondo ndi nkhuku, ana n'kupatsidwa gulaye ndi ntchito yokuwa kuyambira tambala woyamba. Usiku moto sunkazima. Kwa miyezi ingapo mudzi unkakhala wa nkhalamba ndi agalu, bwalo litamera udzu, milandu itaimikidwa kaye. Dzinthu zikalowa m'nkhokwe ndi pamene anthu ankabwerera, kuzira nyumba, kufulula mowa, kuthira nsembe kwa makolo ndi kuwerengana: wabadwa ndani kumunda, watisiya ndani, ndi mtsikana uti amene wakula.

Kubwerera kumudzi kumeneku ndiko kumakumbukiridwa pa mwambo wa Chibwela Kumushi wa Asoli a ku Rufunsa, umene umadziwika kwambiri kwa Mfumu Bunda Bunda. Kwa Shikabeta kuli mwambo wa Nkomba Lyanga. Ku Chongwe, mu Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, kumachitika Chakwela Makumbi, mwambo wokoka mitambo. Mfumu Nkomeshya amapempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa makolo, kenaka amayatsa moto pa kamunda kolambulidwa kale n'kudzala mbewu zoyamba ndi manja awo. Kale munthu sankayenera kuyamba kudzala mfumu isanatero. Mwambo wina umatsegula chaka cha ulimi, wina umachitseka, ndipo palibe mwa iyo wokumbukira nkhondo kapena kugonjetsa mtundu wina. Poyerekeza ndi Nc'wala wa Angoni, kumene mikondo ndi zishango zimadzaza bwalo, miyambo ya Asoli ndi ya khasu.

Lero pa miyamboyi pamakhala matenti, zokuzira mawu, mbendera za makampani a foni ndi nduna ya boma yobwera ndi zolankhula zolembedwa kale. Ena amadandaula kuti mwambo wasanduka msonkhano. Pali choonadi pamenepo, koma mafumu nawo ndi ochenjera. Ndi tsiku limodzi pachaka limene nduna imakhala pansi, kuthawa sikungatheke, n'kumva pamaso pa anthu za misewu yokumbika, mijigo yakufa ndi milatho yokokoloka.

Dziko la mapira ndi makasuli linayamba kukokedwa ndi malonda akutali cha m'ma 1720, pamene amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa anakhazikitsa msika pa Zumbo, pa mathiriro a Luangwa. Tsidya lino la mtsinje kunabadwa Feira, tauni imene lero imatchedwa Luangwa. Chimene ankafuna poyamba chinali golide wa kummwera kwa Zambezi, koma posakhalitsa minyanga ya njovu ndi mkuwa wochokera kumpoto zinayamba kutsika ndi mitsinje. Azunguwo sankayenda okha m'tchire. Ankatuma akapolo awo okhulupirika ndi mitolo ya nsalu ndi mikanda, ndipo njira za amtengatengawa zinkakwera m'mapiri a Asoli kupita kwa Alenje, Alala ndi Alamba.

Mu Novembala 1835, pafupi ndi Zumbo pomwepo, Zwangendaba anawolotsa Angoni ake pa Zambezi tsiku la kadamsana, dzuwa litada masana. Iwo anapitirira kwa Ansenga ndi kumpoto. Chaka chotsatira Apwitikizi anausiya msika wa Zumbo, ndipo David Livingstone atafikapo mu Januwale 1856, pa ulendo wake wotsika ndi Zambezi, anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka lili pansi. Anthu a Mfumu Mburuma anamuwolotsa pa Luangwa mokayika, zida zili m'manja. Anali ndi zifukwa zawo zosakhulupirira mlendo woyera.

Livingstone anali ndi loto lake pa chigwa chimenechi, ndipo lotolo linali ndi mutu ku America. Pa nthawiyo mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo ku Mississippi, Alabama, Georgia ndi madera ena a kummwera kwa United States, kumene mu 1860 kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Iye ankaganiza kuti Afirika akamalima thonje mwaufulu m'mbali mwa Zambezi n'kumaligulitsa ku Britain, ukapolo wa ku America ndi wa kuno udzafa pamodzi. Mathithi a Cahora Bassa anatsekereza sitima yake, lotolo n'kuthera pomwepo. Chimene chinatsatira mapazi ake chinali china. Mu 1862 Apwitikizi anabwerera pa Zumbo, ndipo pamodzi nawo panafika Achikunda ambirimbiri.

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kameta ndani. Achikunda anali asilikali ndi alenje a njovu ochokera m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya ku Tete ndi Sena, ambiri mwa iwo akapolo kapena ana a akapolo. Mindayo itayamba kupasuka, anakwera ndi mtsinje pansi pa atsogoleri amene anali ndi mayina awiri, lina la ubatizo lina la kutchire. José do Rosário Andrade ankadziwika kuti Kanyemba, ndipo malo a dzina limeneli alipobe ku Zimbabwe, moyang'anizana ndi Luangwa. José de Araújo Lobo anali Matakenya. Boma la Portugal linkawapatsa maudindo ndi mbendera, iwo n'kumalamulira m'malinga awo ndi mfuti za gogodela. Kuyambira m'ma 1870 mpaka m'ma 1890 magulu awo ankakwera m'zigwa za Luangwa ndi Lunsemfwa kusaka minyanga, ndipo njovu zikachepa ankasaka anthu. Wogwidwa ankasenza mnyanga mpaka kumsika, kumeneko n'kugulitsidwa pamodzi ndi katundu wake. Portugal inali italetsa kale kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma lamulo la ku Lisbon silinkamveka ku Zumbo.

Ansenga, Alala, Aambo ndi Asoli onse analawa zowawa za nthawi imeneyo. Midzi ya m'zigwa inapasuka, anthu n'kuthawira m'mapiri omwewa amene lero madalaivala amawatukwana. Koma si nkhani ya mfuti yokha. Achikunda ankabwera opanda akazi, choncho anakwatira komweko, ndipo mwa mwambo wa kuno ana awo anakhala a kwa amawo. Lero zidzukulu za Achikunda zili ndi mfumu yawo, Mphuka, m'boma la Luangwa, ndi mwambo wawo wa Dantho, pafupi ndi Ansenga a Mfumu Mburuma amene amachita Mbambala. Pamsika wa pa mlatho, mdzukulu wa wogwira ndi mdzukulu wa wogwidwa amagulitsa nsomba pa thandala limodzi.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linasandutsa kumunsi kwa Luangwa kukhala malire. Zumbo inatsalira kwa Apwitikizi, Feira n'kupita kwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Malinga anagwa, koma kunabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama zimene m'mudzi munalibe. Amuna anayamba kuyenda pansi kutsikira ku Feira, kuwoloka Zambezi pa bwato n'kupita ku migodi ndi mafamu a Southern Rhodesia. Njira inali yomweyo ya minyanga. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano munthu ankapita yekha, ndipo ambiri ankabwerako, ali ndi bulangete, jekete ndi chiphaso cha msonkho.

Ngakhale mpingo wa Katolika unalowera khomo la kumtsinje. Ajezuiti anali ndi mishoni pa Miruru, pafupi ndi Zumbo. Mu 1910 ufumu wa Portugal utagwetsedwa, boma latsopano linawathamangitsa, ndipo ena mwa iwo anangowoloka Luangwa n'kumanga pa Kapoche ndi pa Katondwe. Posakhalitsa ntchitoyo inapatsidwa kwa Ajezuiti a ku Poland, amene mu 1914 anatsegulanso Chingombe m'chigwa cha Luano. Ubale wa chigawo chino ndi Poland unayambira pamenepo. Wodziwika kwambiri mwa ansembewo ndi Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, n'kufika ku Northern Rhodesia mu 1946. Anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo kuti Mfirika, Emmanuel Milingo, alowepo, iye n'kubwerera kukatumikira kumidzi. Anamwalira mu 2007 ali kadinala. Chipatala cha St. Luke's ku Mpanshya, chimene chimayendetsedwa ndi masisitere a St. Charles Borromeo, ndi nthambi ya mtengo womwewo.

Pamene izi zinkachitika kum'mawa, kumadzulo kunkamera chinthu chimene chinadzameza zonse. Mu 1905 njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, inadutsa pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka, m'dziko limene Asoli amalitcha la makolo awo. Kasiteshoni kanatenga dzina la nyakwawayo. Azungu olima anatsatira njanji, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linagawa dziko: nthaka ya m'mbali mwa njanji kwa azungu, Afirika n'kukankhidwira m'malo opatulidwa, ena mwa iwo otchedwa Soli wa Manyika ndi Soli Shamifwi. Mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Nyumba ya Malamulo ya Zambia lero yaima pa Manda Hill, ndipo dzina la phirilo likunena lokha chimene chinalipo kale.

Mpanshya anapulumuka pa kulandidwa nthaka chifukwa cha zinthu zomwe zija zimene zinkamusautsa. Panalibe mzungu wofuna famu m'mapiri a kashembe, kutali ndi njanji. Koma kumene mzungu sanafune nthaka, boma lake silinafulumirenso kumanga sukulu kapena chipatala.

Msewu ndiwo unasintha zinthu. Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali yosavuta kuifikira kuchokera ku Nyasaland kapena ku Tete kusiyana ndi kuchokera ku Lusaka, ndipo atsamunda anafuna kulumikiza mbali ziwiri za dziko lawo. Mu 1932 mlatho woyamba unamangidwa pa Luangwa ndi ndalama za Beit Trust. Kuyambira pamenepo Feira inayamba kufota, chifukwa anthu ndi katundu zinasiya kutsata mtsinje. Midzi inayamba kusendera kumsewu, kumene kunali malole, masitolo ndi nkhani. Mnyamata wofuna ntchito anasiya kufunsa za bwato la pa Zambezi n'kumafunsa za galimoto ya ku Lusaka. Msewuwo unabweranso ndi maliro ake. Pakati pa Rufunsa ndi mlatho pali mapiri a Manenekera, kumene msewu umakhotakhota pamwamba pa maphompho, ndipo mabasi ndi malole akagubuduka kumeneko, ovulala ambiri amathamangitsidwira ku St. Luke's. Chipatalacho chilinso ndi sukulu ya unamwino ndi uzamba, imene imabweretsa achinyamata ochokera m'zigawo zina za Zambia kudzakhala pakati pa Asoli.

Ufulu wa 1964 utangobwera, derali linapezeka lili pakati pa nkhondo ziwiri. Kum'mawa Apwitikizi ankamenyana ndi FRELIMO, kummwera Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a Rhodesia mu 1965. Zambia inasowa njira zotulutsira mkuwa ndi kulowetsera mafuta, choncho Great East Road inakhala yofunika kuposa kale. Mlatho watsopano wa Luangwa, wolendewera pa zingwe zachitsulo, unatsegulidwa mu 1968, ndipo asilikali ankaulondera usana ndi usiku. Mu Novembala 1979 asilikali a Rhodesia analowa mu Zambia n'kuphulitsa milatho ingapo, kuphatikizapo wa pa Chongwe, kudula msewu wa kum'mawa. Bungwe la United Nations linadzudzula zimenezi mwezi womwewo pa chigamulo nambala 455. Anthu a ku Mpanshya, amene anali atazolowera kuyang'ana Lusaka, anaona mmene khomo limodzi limatsekekera msanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mantha anabweranso, RENAMO ikudumpha malire a Mozambique.

Koma chimene msewu unasintha kwambiri sichinamveke ngati bomba. Ndi chilankhulo. Chinyanja chinafika ku Lusaka ndi apolisi, asilikali, makalaliki ndi antchito a m'nyumba ochokera ku Nyasaland ndi kum'mawa, ndipo chinakhala chilankhulo cha tauni imene inamangidwa pa nthaka ya Asoli. Boma la Zambia litasankha zilankhulo zisanu ndi ziwiri zogwiritsa ntchito m'sukulu ndi pa wailesi, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, Chisoli sichinalowemo, ndipo chigawo cha Lusaka chinapatsidwa Chinyanja. Mu 2014 boma linalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha chigawo chawo, zimene ku Mpanshya zinatanthauza kuti mwana wolankhula Chisoli ndi agogo ake aziwerenga ndi kulemba Chinyanja. Lero amene amati Chisoli ndicho chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku sakwana munthu mmodzi pa anthu 100 alionse a mu Zambia.

Awerengi a Chichewa anazolowera kumva kuti chilankhulo chawo chikuponderezedwa ndi Chingerezi. Ku Rufunsa nkhaniyo imatembenuka, chifukwa kumeneko Chinyanja ndicho chachikulu chimene chikuphimba chinzake. Palibe anachita dala. Mayi wogulitsa masau kapena malambe pamsewu amalankhula chilankhulo cha wogula, mwana wake amachitola pomwepo, ndipo ukwati wa Msoli ndi Mnsenga kapena Mchewa umathera m'Chinyanja chifukwa ndicho onse awiri amamva. Chisoli chimatsalira pabwalo la milandu, pamaliro, m'nyimbo za miyambo ndi m'kamwa mwa nkhalamba. Mawu amene mfumu imalankhula popempha mvula sangamasuliridwe kuti akomere alendo, ndipo mwina ichi ndicho chifukwa china chimene Asoli ophunzira, okhala mu Lusaka, amalimbikira kusonkha ndalama za miyambo yawo chaka ndi chaka.

Mu 2012 Pulezidenti Michael Sata anadula Rufunsa kuchoka ku Chongwe n'kuipanga boma palokha. Kwa munthu wa ku Mpanshya kapena kwa Shikabeta, amene kale ankayenda mtunda wautali kukafuna ofesi ya boma, ichi chinali chinthu chogwirika. Koma mkangano waukulu wa masiku ano suli m'maofesi. Uli m'nkhalango.

Lusaka amaphika ndi makala, ndipo magetsi akamazimazima chifukwa madzi achepa ku Kariba, mtengo wa thumba umakwera. Mitengo ya mombo ndi tsamba ya ku Rufunsa ndi imene ikulipira. Munthu amene chimanga chake chapsa ndi dzuwa sangauzidwe kuti asiye nkhwangwa popanda kumuonetsa kwina kopezera ndalama ya yunifolomu ndi feteleza. Kummwera kwa msewu kuli Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 4,092. Njovu za m'menemo sizidziwa malire, ndipo mdzukulu wa mlenje amene ankazibaya kale lero amamangidwa akapezeka ndi nyama. Kuyambira 2012 kampani ya BioCarbon Partners yakhala ikuyesa njira ina m'derali. Makampani a kunja amene amatulutsa utsi wambiri amalipira kuti mitengo ya kuno isadulidwe, ndipo gawo la ndalamazo limapita ku makomiti a m'midzi kukakumba mijigo ndi kumanga zipinda za sukulu. Lamulo la nkhalango la mu 2015 linapatsa midzi mphamvu yoyang'anira nkhalango zawo, ndipo ufumu wa Mpanshya ndi umodzi mwa amene analowa m'mapangano otere. Njirayi ili ndi oikonda ndi oikayikira. Mjigo ndi wa mudzi wonse, koma thumba la makala ndi la mwini wake, ndipo njala imagwira munthu payekha.

Pansi pa nkhalangoyo palinso miyala. Azungu anakumbapo golide ku Chakwenga ndi m'migodi ina ing'onoing'ono nthawi ya atsamunda, ndipo lero anyamata ndi amayi a ku Rufunsa amasefa mchenga m'mitsinje ndi mabeseni, ogula akudikira pamsewu ndi masikelo awo. Mlandu waukulu unali wa Kangaluwi, mgodi wa mkuwa umene kampani ya Mwembeshi Resources inafuna kutsegula m'kati mwenimweni mwa paki. Chilolezo chinaperekedwa mu 2011, bungwe loona za chilengedwe la ZEMA linakana mu 2012, nduna inasintha chigamulocho mu 2014, ndipo nkhaniyo inakhala m'makhoti zaka zambiri. Anthu a m'midzi yozungulira anagawanika, ena akufuna ntchito, ena akuopa kuti madzi otsikira mu Zambezi adzaipa. Mu 2023, makina atayamba kale kulambula njira, boma la Hakainde Hichilema linaimitsa ntchitoyo, ndipo ZEMA inafafaniza chilolezo chake.